Chisoti cha Khanda Lophwatalala Mutu

Mwa ziwalo zonse zimene Mlengi adapatsa mwana wa munthu, palibe china chimene chimafika pa dziko lino chisanathe kuumbika monga mutu. Pakuti chigaza cha khanda si fupa limodzi lolimba monga cha munthu wamkulu, koma mafupa angapo opyapyala olumikizana ndi misoko yofewa, ndipo pamene misokoyo yakumana pamatsala malo osatsekeka amene tonse timawadziwa, ndiwo liwombo, limene amayi a kwathu amaliyang'anira ndi mantha ndi ulemu. Kufewa kumeneku kuli ndi ntchito yake, chifukwa ndiko kumalola mutu kupanikizika ndi kudutsa pa njira yopapatiza tsiku la kubadwa, ndiponso ndiko kumapatsa ubongo malo oti ukule m'miyezi yoyamba, pamene umakula mofulumira koposa nthawi ina iliyonse ya moyo. Namwino akazunguliza chingwe choyezera pamutu wa mwana wongobadwa kumene amapeza masentimita ngati 35, koma mwanayo akakwanitsa chaka amapeza 46 kapena 47. Ndipo pafupifupi theka la kukula kumeneko limachitika m'miyezi 3 yoyambirira yokha, pambuyo pake liwiro limanka licheperachepera kufikira liwombo litatsekeka, kawirikawiri mwana ali pakati pa chaka chimodzi ndi zaka 2. Owerenga asunge ziwerengero zimenezi mumtima, popeza mlandu wonse umene tikamba pano watsamira pa izo.

Chinthu chofewa chimene chikukula chimalowera kumene kuli mpata. Mlimi aliyense adaonapo dzungu limene lidakulira pa nthaka youma, lozungulira bwino mbali zonse koma lophwatalala mbali imene lidagonera, chinkana m'kati mwake muli bwinobwino. Momwemonso mutu wa khanda limene limagonera malo amodzi usana ndi usiku. Fupa siliphwanyika, ndipo mwana samva kuwawa. Kungoti mbali yotsamirayo imasowa kokulira, ndipo ubongo, umene suleka kukula, umakankhira chigaza kumbali zina.

Anthu akale adachidziwa chimenechi, ndipo ena adachisandutsa luso. Amangbetu a kumpoto chakum'mawa kwa Congo ankakulunga mitu ya makanda awo kuti italike, popeza mutu wautali unali chizindikiro cha ulemu ndi kukongola pakati pawo. Anthu a ku Peru wakale adachita zofanana, ngakhalenso a m'dera la Toulouse ku France. Ndipo Andreas Vesalius, katswiri wa mapangidwe a thupi wa m'zaka za m'ma 1500, adalemba kuti Ajeremani anali ndi nkhongo zophwatalala chifukwa ali makanda ankagonekedwa chagada. Agogo a kwathu nawonso amasisita ndi kuumba mutu wa mdzukulu pomusambitsa ndi madzi ofunda. Kunena zoona, manja a mphindi zochepa sangasinthe fupa. Mutu wosongoka wa tsiku lobadwa umabwerera wokha m'masiku kapena masabata ochepa, ndipo agogo amalandira ulemu pa ntchito imene chilengedwe chidagwira chokha, ulemu umene ine sindifuna kuwalanda, malinga ngati manjawo ali ofatsa.

Koma chimene chidadzutsa nkhani yakale chotere m'masiku athu ano ndi imfa. M'maiko a ku Ulaya, ku America, ku Australia ndi ku New Zealand, kwa zaka zambiri pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, amayi ankalangizidwa kugoneka makanda chafufumimba, poopa kuti mwana wogona chagada akasanza angatsamwe. Ngakhale buku lotchuka la Dr Benjamin Spock, limene lidalowa m'nyumba zosawerengeka, lidaphunzitsa chomwecho kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. M'zaka zomwezo ana ambiri athanzi, amene adayamwa bwino madzulo nagonekedwa m'kabedi kawo, ankapezeka m'mawa atatsirizika, popanda kulira ndi popanda matenda, ndipo madokotala, posowa chifukwa chake, adangoitcha imfa yadzidzidzi ya makanda. Ofufuza a ku Netherlands, a ku New Zealand, ndi a ku Bristol motsogozedwa ndi Peter Fleming, atafunsa makolo ofedwa za magonedwe a ana awo, adapeza kuti ogona chafufumimba ndiwo ankafa koposa. Mu 1991 boma la Britain lidayamba kulengeza kuti ana azigona chagada, mothandizidwa ndi Anne Diamond, muulutsi wa pa wailesi ya kanema amene mwana wake adamwalira motero chaka chomwecho. Mu 1992 bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics lidalangiza kuti makanda aleke kugonekedwa chafufumimba, ndipo mu 1994 uthengawo udafalitsidwa m'dziko lonse la United States. M'zaka ngati 10 imfa zija zidachepa kuposa theka, ndipo ku Britain zidachepa koposa pamenepo. Padalibe mankhwala, padalibe katemera kapena opaleshoni. Kutembenuza mwana kokha kudapulumutsa miyoyo zikwizikwi.

Komatu akuluakulu adati walira mvula walira matope. Pofika 1996 madokotala a mumzinda wa St Louis ndi a m'mizinda ina ya ku America adayamba kulemba kuti ana obwera nawo kuchipatala kaamba ka kuphwatalala kwa nkhongo achuluka kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi zaka za m'mbuyo, ndipo vuto limene kale linali la apo ndi apo, limene iwo amalitcha plagiocephaly, lidasanduka la tsiku ndi tsiku. Mu 2013 ofufuza a ku Calgary, m'dziko la Canada, adalengeza kuti atapima makanda 440 a masabata 7 mpaka 12, pafupifupi theka la iwo anali ndi mutu wophwatalala penapake, ngakhale mwa ambiri kunali kuphwatalala pang'ono chabe, ndipo mbali ya kumanja ndiyo inkaphwatalala kawirikawiri kuposa ya kumanzere. Si kugona chagada kokha kumene tiyenera kukuimba mlandu. Khanda la m'maiko olemera limachoka m'kabedi kulowa m'kampando ka m'galimoto, kuchoka m'menemo kulowa m'kangolo kokankha, kuchoka m'kangolo kukhazikidwa m'kampando kogwedera, ndipo m'malo onsewa nkhongo yake yatsamira pa chinthu. Pamene mwana wa kumudzi kwathu, amene amaswera kumsana kwa amake m'mbereko, mutu uli chilili ukutembenukira uku ndi uko, nalandiridwanso m'manja mwa azakhali ndi achemwali ake, sakhala chigonere nthawi yaitali yotere. N'chifukwa chake funso la chisoti chowongolera mutu limafikira makamaka abale athu okhala ku Britain, ku America ndi m'mizinda ya ku South Africa, amene ana awo akuleredwa monga mwa makhalidwe a kumeneko, ndiponso kumene kuli ogulitsa zisotizo.

Wofuna kudziwa ngati mutu wa mwana wake waphwatalala asauyang'ane kumaso, koma aime pamwamba pake, makamaka pomusambitsa pamene tsitsi lanyowa. Ngati nkhongo ya kumanja ndiyo yaphwatalala, adzaona kuti khutu la kumanja lasunthira kutsogolo, mphumi ya mbali yomweyo yatuluka pang'ono, ndipo nthawi zina tsaya lake lioneka lodzaza kuposa linzake. Ngati yaphwatalala nkhongo yonse, mutu umaoneka waufupi ndi wotambalala, ndipo nthawi zina wokwera chakumbuyo. Ana oyamba kubadwa, ana aamuna, mapasa amene adapanikizana m'mimba, ndi ana obadwa masiku asanakwane, amene mafupa awo ali ofewa kwambiri ndipo amagona masabata ambiri m'chipatala, ndiwo amapezeka nalo vutoli kawirikawiri.

Tsono munthu asanatchule n'komwe dzina la chisoti, pali mafunso awiri amene dokotala yekha ndiye angayankhe, ndipo kholo limene lawadumpha layamba ulendo ndi njira yolakwika. Loyamba ndi lakuti kodi misoko ya chigaza ili yotseguka monga iyenera kukhalira. Pakuti mwa ana 2,000 kapena 2,500 alionse pamabadwa mmodzi amene msoko wake wina umatsekeka nthawi isanakwane, nthenda yotchedwa craniosynostosis, ndipo pamenepo mutu umapotoka chifukwa fupa lamangika, kotero kuti kutembenuza mwana sikungathandize, chisoti chokhanso sichingatsegule msoko umene watsekeka. Pafunika madokotala a opaleshoni. Dokotala wozolowera amasiyanitsa ziwirizi ndi maso ndi zala zake, poona ngati pa msoko pali kamzere kotukuka ndi poona kumene khutu lasunthira, chifukwa msoko wa kunkhongo ukatsekeka khutu kawirikawiri limakokedwera kumbuyo kapena pansi. Akakayika ndipo amatumiza mwana kukajambulidwa. Funso lachiwiri ndi la khosi. Ana ambiri ophwatalala mbali imodzi ali ndi mnofu wa m'khosi, uja wochokera kuseri kwa khutu kutsikira pa chifuwa, umene uli wokungika mbali imodzi, kotero kuti mwana amayang'ana kumodzi komweko ngakhale mumuitane bwanji; ndipo malinga ngati khosi silinamasuke, mwana adzabwerera kugonera pamalo pomwepo, mumugoneke motani. Mankhwala ake ndi mafizo, amene katswiri amaphunzitsa mayi ndi bambo kuti azichita kunyumba tsiku ndi tsiku.

Mafunso awiriwa akayankhidwa, chithandizo choyamba sichilira ndalama, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu amachipeputsa. Kuwongola mtengo mpoyamba. Mwana azigonabe chagada usiku ndi usana, koma mutu wake uzitembenuzidwira mbali yosaphwatalala. Lero agonekedwe mutu uli kumtunda kwa kabedi, mawa uli kumunsi, popeza khanda limatembenukira kumene kuli kuwala ndi kumene kumachokera mawu a amake. Womwetsa mkaka wa m'botolo azisinthanitsa mikono, monga amachitira woyamwitsa. Kampando ka m'galimoto kakhale ka paulendo pokha. Ndipo pamene mwana ali maso, munthu wamkulu ali pomwepo, aikidwe chafufumimba pa mphasa kapena pa chifuwa cha atate ake kuti adzutse mutu ndi kulimbitsa khosi. Bungwe la World Health Organization mu 2019 lidalangiza kuti khanda limene silinayambe kukwawa lizikhala chafufumimba lili maso kwa mphindi zosachepera 30 pa tsiku, zogawidwa pang'onopang'ono. Mbereko nayo ndi mankhwala, ndipo mayi wa Chichewa wokhala ku Leeds kapena ku Dallas asachite manyazi kutulutsa chitenje chake. Ku Netherlands, Leo van Vlimmeren ndi anzake adaonetsa mu 2008 kuti mwa makanda okonda kuyang'ana mbali imodzi amene adayamba mafizo akadali aang'ono, mwayi woti aphwatalale kwambiri udachepa pafupifupi ndi theka. Ndipo nthawi nayo imagwira ntchito yake: ku Auckland, m'dziko la New Zealand, ofufuza adatsatira ana 200 kuyambira pobadwa, napeza kuti pa miyezi 4 ana 20 mwa 100 alionse anali ophwatalala, pa chaka chimodzi 7, ndipo pa zaka 2 adatsala 3 okha, pakuti mwana akayamba kugubuduka, kukhala ndi kukwawa, nkhongo imamasuka ndipo chigaza chimadzaza pamene padaperewera.

Nanga chisoticho n'chiyani? Woyamba kulemba za icho m'mabuku a zachipatala anali Sterling Clarren wa ku Seattle ndi anzake, mu 1979, ndipo mu 1998 bungwe la boma la United States loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala, la FDA, lidayamba kuvomereza zisotizi monga zipangizo zochiritsira. Kale ankakuta mutu wa mwana ndi chikhakha kuti atenge maonekedwe ake, koma lero amaujambula ndi makina a kuwala m'kamphindi. Kenaka amapanga chisoti cha pulasitiki wopepuka, m'kati mwake muli siponji, chimene chimakhudza mbali zotuluka ndi kusiya mpata pa mbali yophwatalala. Sichifinya mutu, monga ena amaopera, koma chimatsekereza kukula mbali imodzi ndi kukulola mbali ina. Ndipo popeza mphamvu yake yonse ichokera m'kukula kwa ubongo, chimagwira ntchito pamene mutu ukukula msanga, ndiye kuti kuyambira miyezi 4 kapena 6, ndipo mwana akapitirira chaka phindu lake limakhala lochepa. Mwana amachivala maola 23 pa tsiku, kuchivula ola limodzi lokha la kusamba, kwa miyezi 3 kufikira 6, ndipo sabata iliyonse kapena masabata awiri alionse amabwerera nacho kwa wochipanga kuti achisemeko m'kati. Ku Britain mtengo wake umafika mapaundi 2,000 kapena kupitirira, ndipo ku America madola zikwi zingapo, amene makampani ena a inshuwalansi amakana kulipira ponena kuti ndi nkhani ya maonekedwe chabe.

Kwa zaka zopitirira 30 zisoti zidagulitsidwa, makolo nakondwera poona mitu ya ana awo ikuzungulira, koma padalibe amene adayankha funso lovuta lakuti kodi mitu yomweyo ikadatani ikadasiyidwa. Pakuti miyezi imene mwana amavala chisoti ndi miyezi yomweyo imene amayamba kukhala ndi kukwawa, ndipo zinthu ziwiri zikachitikira pamodzi, chimene chidalipiridwa ndalama ndicho chimatamandidwa. Amene adayesa kuyankha ndi Renske van Wijk ndi anzake a pa yunivesite ya Twente ku Netherlands, amene kafukufuku wawo adatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2014. Iwo adatenga makanda 84 a miyezi 5 kapena 6, ophwatalala moonekeratu, nawagawa pawiri mwa maere, kuti pasakhale kukondera: 42 adavekedwa chisoti, 42 adasiyidwa kuti akule okha. Ana aja atafika zaka 2 adapimidwa ndi anthu osadziwa kuti uyu adali gulu liti, ndipo taonani, padalibe kusiyana koti munthu n'kukuloza: mwa ovala chisoti 39 amene adapimidwa, 10 adawongokeratu, ndipo mwa osavala 40, adawongokeratu 9, ndipo enawo, m'magulu onse awiri, adasintha mofanana. Koma makolo onse a ana ovala chisoti adatchulapo chovuta china: pafupifupi onse adanena za khungu loyabwa ndi lofiira, ambiri adanena za thukuta ndi fungo, ndipo oposa 3 mwa 4 alionse adadandaula kuti chisoticho chinkawalepheretsa kufungatira mwana wawo monga adafunira. Dandaulo lomalizali silikhala ndi mamilimita oliyezera, koma mayi aliyense adzalimvetsa.

Mlandu sudathere pomwepo, ndipo kukhala kupanda chilungamo kubisa mawu a mbali inayo. Otsutsa adati ana 84 ndi ochepa. Adati makolo ambiri m'kafukufukuyo adanena kuti zisoti zinkagwedera kapena kusuntha, ndipo chisoti chosakwana bwino sichingayezedwe ngati chisoti. Adatinso ana ophwatalala koopsa, ana obadwa masiku asanakwane ndi ana a khosi lokungika sadaloledwe kulowamo, pamene amenewo ndiwo chisoti chingawathandize koposa. Zonsezi n'zoona. Mu 2015 madokotala a ku Chicago adalemba za ana oposa 4,000 amene adawathandiza, nanena kuti mwa oyamba ndi chisoti 94 mwa 100 alionse adawongoka, pamene mwa oyamba ndi kutembenuza ndi mafizo adawongoka 77; komabe kumeneko kudalibe maere, ndipo chiwerengero chachiwiricho, chimene ogulitsa zisoti sakonda kuchitchula, chionetsa kuti ana 3 mwa 4 alionse sadasowe chisoti konse. Mu 2016 bungwe la madokotala a opaleshoni ya ubongo a ku America la Congress of Neurological Surgeons lidalangiza kuti chisoti chiperekedwe kwa ana ophwatalala kwambiri amene kutembenuza ndi mafizo kwalephera, kapena amene afika kuchipatala atakula kale; pamene ku Britain zipatala za boma za NHS sizipereka zisoti mwachizolowezi, ponena kuti umboni wa phindu lake ndi wosakwanira. Madokotala a maiko awiri olankhula chilankhulo chimodzi, owerenga mabuku amodzimodzi, afika pa ziweruzo zosiyana. Ndipo munthu sangalephere kuona kuti kumene boma limalipira chiweruzo chili chouma, kumene chipatala chili malonda chiweruzo chili chofewa.

Mantha aakulu a makolo, amene ambiri sawatchula pamaso pa dokotala, ndi a ubongo. Apa mtima ukhale pansi: kuphwatalala kochokera m'magonedwe sikuchepetsa malo a ubongo, ndipo palibe umboni wakuti kumauwononga. Ofufuza a ku Seattle adapezadi kuti ana ophwatalala, powatenga monga gulu, amatsalira pang'ono pa mayeso a kakulidwe, makamaka pa kugubuduka, kukhala ndi kukwawa. Koma ambiri amamasulira kuti mwana amene mwachibadwa ali wochedwa kusuntha ndiye amagonera malo amodzi naphwatalala, ndiye kuti mutuwo uli chizindikiro chokumbutsa dokotala kuti ayang'anitsitse kakulidwe ka mwana. Chisoti sichifulumizitsa mwana kuyenda kapena kulankhula. Amene angauze kholo kuti mwana wake adzakhala wopanda nzeru akapanda kuvala chisoti wanena chimene sangathe kuchitsimikiza.

Chotsala tsono ndi maonekedwe, ndipo sindinena kuti maonekedwe ali chabe, pakuti tonse tidziwa mmene ana a sukulu amatchulirana maina kaamba ka mitu yawo, ndipo mnyamata wometa mpala alibe tsitsi lobisira nkhongo monga ali nalo mlongo wake. Ku Minnesota ofufuza adapima achinyamata oposa 1,000 a zaka 12 mpaka 17, obadwa langizo la kugona chagada litayamba kale, napeza kuti 2 mwa 100 alionse anali ndi mutu wophwatalalabe. Chiwerengerocho chili chochepa, koma sichili chabe, ndipo mwana wophwatalala koopsa, amene makutu ake asiyana moonekera ndipo nkhope yayamba kupotoka, ndiye ali pafupi kukhala mmodzi wa awiriwo. Apa ndi pamene kholo limapanikizika pakati pa miyambi iwiri ya makolo athu, wina wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, wina wakuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Pakuti ukadikira kuti uone ngati mutu uwongoka wokha, miyezi imene chisoti chikadagwira ntchito ikupita, ndipo ukathamangira chisoti, sudzadziwa konse ngati chinali chofunika. Kwa ine njira yotulukira ili m'kuyamba msanga: kholo limene laona vutoli pa miyezi 2, nkuyamba kutembenuza ndi mafizo pomwepo, nkujambula mutuwo kuchokera pamwamba mwezi ndi mwezi, lidzafika pa miyezi 5 kapena 6 lili ndi umboni m'manja. Ngati mutu ukuwongoka, ngakhale pang'onopang'ono, chisoti sichifunika. Ngati kuphwatalala kuli kwapakatikati, kafukufuku wa ku Twente ali kumbali ya wodikira. Koma ngati kuli kwakukulu ndipo miyezi iwiri kapena itatu ya khama sinasinthe kanthu, kuyesa chisoti si kupusa, malinga banja lingathe kulipira popanda kulowa m'ngongole yosautsa.

Pali chinthu china chimene ndichiona kukhala chofunika koposa ziwerengero zonsezi, ndicho kudziwa amene akukupimira mwana. Makampani ambiri opanga zisoti amapima mwaulere, nakuonetsa pa kompyuta chithunzi cha mutu wa mwana wako chokhala ndi mitundu ndi manambala, pamene ayeza mizere iwiri yopingasa, wina kuchokera pamphumi ya kumanja kukafika kunkhongo ya kumanzere, wina mosemphana nawo, nawerenga kusiyana kwake m'mamilimita. Kuyezako kuli kolondola, ndipo ambiri ogwira ntchitoyo ndi anthu oona mtima. Koma palibe mutu wa munthu umene mbali zake zili zofanana ndendende, ndipo malire a pakati pa "pang'ono" ndi "kwambiri" adaikidwa ndi anthu, mosiyanasiyana m'zipatala zosiyanasiyana. Mayi amene wabereka kumene, wosowa tulo, wokhala kutali ndi abale ake, amene wayamba kale kudziimba mlandu kuti ndiye adawononga mutu wa mwana pomugoneka monga adamulangizira anamwino, akaona manambala ofiira ndi kumva kuti nthawi ikutha, adzasaina chilichonse. Chifukwa chake nkoyenera kuti chiweruzo chichokere kwa dokotala wa ana, kapena katswiri wa mafizo, kapena dokotala wa mafupa a mutu, amene sapindula kanthu chisoti chikagulidwa; ndipo mayiyo auzidwe momveka kuti sadalakwe, popeza kugoneka mwana chagada kunali kumuteteza ku chinthu choopsa koposa.

Pa chifukwa chomwecho, ngati agogo abwera kuchokera kumudzi kudzathandiza kulera, nanena kuti, "Mwanayu muzimugoneka chafufumimba, inu nonse tidakulerani motero ndipo mitu yanu ili bwino," mkamwini kapena mtengwa ayankhe mwaulemu koma osagonja, kuti, "Amayi, chafufumimba azikhala masana tikumuona, koma tulo azigona chagada." Asagulenso timitsamiro tokhala ndi dzenje pakati timene timagulitsidwa pa intaneti ndi lonjezo lakuti timaumba mutu, pakuti mu November 2022 bungwe la FDA lidachenjeza makolo kuti asatigwiritse ntchito, chifukwa palibe umboni wakuti timathandiza, pamene tingatseke mphuno ndi kamwa za mwana ali m'tulo. Pogona khanda pakhale pathyathyathya, polimba, popanda pilo kapena zidole.

Banja limene lasankha chisoti lilowe m'ntchitoyo likudziwa kulemera kwake, pakuti chisoti chovalidwa theka la tsiku ndi ndalama zotayika. Masiku oyamba mwana amachizolowera pang'onopang'ono, maola akuwonjezeka tsiku ndi tsiku. Chimatsukidwa ndi kuumitsidwa tsiku lililonse pa ola la kusamba. Khungu liyang'aniridwe, ndipo ngati malo ofiira sakuzimirira patapita ola chisoti chitavulidwa, kapena ngati paoneka chilonda, asachivalenso kufikira wochipanga atachikonza. Mwana akatentha thupi chivulidwe, chifukwa khanda limataya kutentha kwambiri kudzera m'mutu. Mafizo a khosi sayenera kulekedwa poti chisoti chafika. Ndipo abale athu a kunja amene akonza zobwera ndi mwana kudzamuonetsa kwa agogo ake awerengeretu bwino miyezi, afunsenso dokotala wawo asanagule matikiti. Pakuti chisoti chimene chifuna kusemedwa masabata awiri alionse sichigwirizana ndi ulendo wa mwezi wathunthu, ndipo kutentha kwa mu October ku Nsanje kapena ku Salima si kwa khanda lovala pulasitiki maola 23 pa tsiku.